Wobvulala m'Mutu ndi Abale Ace

Nkhani ya lero iri ya munthu wobvulala m'mutu, makamaka ya iwo amene atsala naye pakhomo madotolo atatha nchito yao. Munthu akathyoka mwendo, abale aona pamene pali bvuto: pfupa lilumikizana, ndodo itayidwa, ndipo munthu abwerera kumunda monga kale. Koma mutu uli ndi zace. Bala lingathe kupola bwino lomwe, tsitsi n'kumera pomwepo, koma mkazi n'kumanong'oneza apongozi ace kuti bambo awa abwerako ena. Mau otere amveka m'nyumba zambiri, ndipo kawirikawiri anenedwa mwamanyazi. Kuti nkhani imveke bwino, iyenera kuyamba ndi munthu mmodzi amene madotolo a maiko onse amdziwa dzina, ngakhale anafa kalekale.

Dzina lace linali Phineas Gage, mnyamata wa zaka 25 wa ku America, woyamba mwa ana asanu. Anali kapitao wa gulu lokonza njira ya njanji pafupi ndi mudzi wa Cavendish m'dera la Vermont, ndipo eni nchito anamtama kuti anali wodalirika koposa akapitao anzace. Nchito yao inali yoswa matanthwe. Anthu a kumigodi adziwa macitidwe ace a kale: aboola dzenje m'thanthwe, athiramo wonga, aikamo cingwe coyatsira, athira mcenga pamwamba, ndipo atsindira ndi citsulo. Pa 13 September 1848, dzuwa litapendeka, Gage anaceuka kuyang'ana anthu ace alikutsindira. Citsulo cinakhula mwala, moto unathetheka, ndipo wonga unaphulika. Citsuloco cinali cosongoka mbali imodzi, cotalika mapazi 3 ndi mainchesi 7, colemera mapaundi 13, ndiwo makilogalamu 6. Cinalowa pa tsaya lamanzere, cinapyola kuseri kwa diso, cinatulukira pamwamba pa mutu, ndi kukagwa pa mtunda wa mapazi ngati 80.

Cozizwitsa n'cakuti munthuyo sanafe. Anagwa cagada, manja ndi miyendo zinagwedezeka pang'ono, koma patapita mphindi zowerengeka anayamba kulankhula. Anzace anamgwiriza, nakakwera ngolo ya ng'ombe, nakhala tsonga njira yonse kufikira ku nyumba ya alendo kumene ankagona. Dotolo woyamba kufika, Edward Williams, anampeza ali pampando panja alikufotokozera anthu zimene zinamgwera, ndipo dotoloyo poyamba sanakhulupirire. Madzulo kunadza dotolo wina wacinyamata, John Harlow, amene anamsamala kufikira kucira. Iye anameta tsitsi, nacotsa magazi oundana ndi tizidutswa ta pfupa, nabwezera zidutswa ziwiri zazikulu m'malo mwace, nasiya bala lotseguka pang'ono kuti zoipa zizituluka.

Apa omvera aime kaye, cifukwa pali msampha umene wapha anthu ambiri. Munthu wogundidwa pamutu akadzuka, nalankhula, nayenda, mitima ya anthu ikhala pansi, ndipo ena amtengera kunyumba kuti akapume. Koma cibade ciri ngati bokosi losafutukuka. Mtsempha ukang'ambika m'kati, magazi asonkhana pang'onopang'ono, asowa kotulukira, napsinja ubongo. Motero munthu amene anaseka masana angathe kugona madzulo osadzukanso. Zizindikiro zace sizibisika kwa woyang'anitsitsa: kukomoka, ngakhale kwa kamphindi, kusanza kawirikawiri, mutu wopweteka mopitirira, tulo todzutsa mobvutikira, kubwebweta, magazi kapena madzi oyera otuluka m'khutu kapena m'mphuno, kadiso kakuda ka diso limodzi kokula koposa kanzace, kufooka kwa mkono kapena mwendo wa mbali imodzi, kugwedezeka ngati wa khunyu. Cimodzi cokha mwa izi cikwanira kuti wobvulala apite kucipatala usiku womwewo, osadikira kuca. Pomnyamula, khosi lisapindike, pakuti cimene caswa mutu cingathenso kuthyola khosi. Akasanza, atembenuzidwe thupi lonse pamodzi ngati cipika. Cinthu cimene calowa m'mutu cisazulidwe. Ndipo asapatsidwe mowa ai. Pa okalamba ndi pa akumwa kwambiri, magazi otere angathe kudontha masabata angapo, kotero kuti agogo ayamba kusokonezeka mutu anthu ataiwala kale kuti anagwa pakhomo.

Mthenga unapita ku Lebanon, m'dera la New Hampshire, mtunda wa mamailosi 30, ndipo m'mawa mwace mai wace, Hannah, anali atafika pamodzi ndi mbale wina wamkulu. Gage anawazindikira onse awiri. Mtima wa mai uyenera kuti unakhala pansi tsiku limenelo, koma cimwemweco sicinakhalitse. Masiku aja madotolo anali asanadziwe za tizilombo toononga mabala, ndipo mankhwala opha tizilomboto, monga penicillin, anadza patapita zaka pafupifupi 100. Bala linayamba kubvunda. Kuyambira pa 23 September, masiku ngati khumi, wodwalayo anagona ngati wakufa, osalankhula kupatula poitanidwa, ndipo poyankha ankatula liu limodzi lokha. Diso lamanzere linatupa, ndipo silinapenyenso moyo wace wonse. M'cipinda munali pfungo loipa. Anthu ace anakonza bokosi ndi zobvala za maliro kuti akangotsirizika amnyamule kupita kwao, ndipo mmodzi wa odwazika anadandaulira dotolo kuti aleke, cifukwa alikungotalikitsa masautso a munthuyo. Harlow sanabvomere. Anatumbula cotupa ca pamphumi, ndipo munatuluka mafinya odzaza kapu. Pa 7 October Gage anadzuka pakama yekha, naponda phazi limodzi kufika pampando.

Wodandaula uja asaweruzidwe msanga. Ali yense amene anakhalapo pambali pa mbale wosalankhula masiku khumi adziwa mmene mtima utopera, ndi zimene munthu ayamba kupempha usiku. Koma n'coona kuti m'masiku oyamba palibe munthu, ngakhale dotolo, angathe kunena motsimikiza kumene wodwala wotere adzafika. Lero madotolo ali ndi zida zimene Harlow analibe. Kuyambira m'caka ca 1971 pali makina a CT, amene ajambula m'kati mwa mutu popanda kung'amba, ndipo m'zipatala zazikulu monga za ku Blantyre, Lusaka ndi Harare muli madotolo odziwa kuboola cibade ndi kucotsa magazi opsinja ubongo. M'caka ca 1974 madotolo awiri a ku Glasgow anakonza muyeso umene anamwino agwiritsa nchito kufikira lero: ayang'ana ngati wodwala atsegula maso, ngati ayankha mau, ndi ngati asuntha manja ndi miyendo, napereka nambala yoyambira pa 3 kulekeza pa 15. Mbale akamva namwino alikuchula nambalayo, afunse tanthauzo lace; ndipo adziwe kuti cofunika si nambala ya tsiku limodzi, koma ngati ikwera kapena itsika.

Ngakhale pali zonsezi, gawo lalikulu la kudwazika ligwerabe wacibale amene agona pansi pambali pa kama. Wodwala wosatha kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri ali onse, usana ndi usiku, kuti asatuluke zilonda kumsana, m'ciuno ndi kuzidendene. Manja ndi miyendo yace ipindidwe ndi kuongoledwa mofatsa tsiku ndi tsiku, monga anamwino asonyezera, kuti isaume. Ndipo pali cifundo cina cimene cipha: kuthira phala kapena madzi m'kamwa mwa munthu wosadzuka bwino. Iye satha kumeza, cakudya cilowera kumapapo, ndipo cibayo cimtenga. Amene afuna kumcitira kanthu angathe kumlankhula ndi liu la masiku onse, kumchula dzina, kumuuza tsiku ndi malo amene ali. Asanene pambali pace zimene sakananena iye ali maso.

Gage atayamba kuyenda, bvuto lina linabadwa, limene mabanja ambiri alidziwa. Anafuna kupita kwao, ndipo panalibe womletsa. Dotolo atacokapo sabata imodzi, iye anayendayenda m'miseu wopanda jekete m'nyengo yozizira, nanyowa mapazi, nadwala malungo. Anali ngati mwana: lero afuna ici, mawa ico. Ndalama sankaziyesa bwino. Harlow analemba kuti anakana madola 1,000 posinthanitsa ndi timiyala tocepa. Pa 25 November, patapita masabata khumi cibvulalire, anamtengera kwa makolo ace. Anafika woonda ndi wofooka. Pofika February 1849 ankatha kudyetsa ng'ombe ndi kugwira tinchito ta kukhola la akavalo, ndipo nyengo yolima itafika ankagwira nchito theka la tsiku. Mai wace anauza dotolo wina kuti mwana wao ankaiwala pang'ono, koma pang'ono pakuti mlendo sakanazindikira.

Mau a mai amenewa ndiwo mtima wa nkhani yonse. Mlendo sakanazindikira. Anthu a pamsika aona munthu woyenda, wodya, wopereka moni, nati wacira; koma a m'nyumba aona zina. Harlow analemba m'caka ca 1868 kuti Gage, amene kale anali wodekha ndi wolinganiza nchito bwino, anasanduka wosakhazikika, wotukwana mau amene kale sankatuluka pakamwa pace, wosapirira uphungu ukatsutsana ndi zofuna zace, woyamba zinthu zambiri ndi kuzisiya asanazifikitse. Anzace ankati si Gage yemwe uja. Eni nchito ya njanji, amene kale anamtama, anakana kumbwezera ukapitao wace.

Cifukwa cace cidziwika tsopano. Mbali ya ubongo imene iri kuseri kwa mphumi ndiyo igwira nchito ya kudziletsa, kulinganiza zocita mwa dongosolo, ndi kuyesa mau asanatuluke. Iri ngati mbusa. Ng'ombe zonse zingakhalepo, zamphamvu monga kale, koma mbusa akabvulala zilowa m'munda wa eni. Akatswiri a ku Los Angeles, poyesa zithunzi za cibade ca Gage m'caka ca 2012, anawerengera kuti citsulo cinapyoza magawo 4 okha mwa 100 a khungwa la ubongo, koma cinaononga pafupifupi magawo 11 mwa 100 a timitsempha toyera tolumikiza mbali zace. Ndipo sipafunika citsulo kuti zotere zicitike. Munthu akagwa pa njinga yamoto wopanda cipewa colimba, kapena galimoto ikagubuduzika, ubongo umenyeka pa pfupa lokakala la m'kati mwa mphumi, ndipo mbali yomweyi ndiyo ibvulala kawirikawiri.

Banja losadziwa izi lifunafuna cifukwa kwina. Ena ati munthuyo walodzedwa, nagulitsa mbuzi kukaombeza, nadana ndi mnansi wosalakwa. Ena ati wacita misala, nammanga. Ena, ndipo awa ndiwo ambiri, ati ndi mwano cabe, nayamba kumbwezera mau. Mkazi wotukwanidwa pamaso pa ana ndi mwamuna amene zaka khumi sanamkwezerepo liu amva kuwawa koona, ndipo palibe angamuuze kuti asamve. Koma kudziwa kuti mau aja atuluka pa bala kusintha mayankhidwe. Wodwala akapsa mtima, kutsutsana naye kuli ngati kuthira mafuta pamoto. Kuli bwino kutsitsa liu, kusintha nkhani, kapena kutuluka pang'ono, ndipo mlandu ukambidwe mtima utazizira. Wodwazika wocenjera ayamba kuona zimene ziutsa mkwiyo: phokoso, anthu ambiri olankhula pamodzi, njala, ndipo koposa zonse kutopa. Ubongo wobvulala utopa msanga koposa thupi. Mwambo wa kuzonda matenda ndi wabwino, koma anthu khumi m'cipinda cimodzi, yense ndi funso lace, amlemetsa wodwala wotere. Abwere awiriawiri, ndipo asakhalitse. Kumenya ndi nkhani ina. Pakakhala nkhanza pa mkazi kapena ana, zisabisidwe. Ankhoswe ndi dotolo auzidwe, pakuti bala la m'mutu silipatsa munthu ufulu wopweteka ena, ndipo pali mankhwala ena othandiza.

Tsono mabuku ambiri alekeza nkhani ya Gage pamenepa, ndipo ena anaonjezera zao, namsandutsa cidakwa congoyendayenda. Malcolm Macmillan, mphunzitsi wa ku Australia amene anafufuza nkhaniyi zaka zambiri natulutsa buku lace m'caka ca 2000, anasonyeza kuti zambiri za izo zinalembedwa ndi anthu amene sanamuonepo Gage. Zimene zidziwika n'zakuti, atadzionetsa kwa kanthawi kwa anthu ku New York ndi m'matauni ena, anagwira nchito caka ndi theka pa khola la akavalo ku Hanover. M'caka ca 1852 anapita ku Chile, kumene anayendetsa ngolo yonyamula anthu, yokokedwa ndi akavalo asanu ndi mmodzi, pa njira ya pakati pa Valparaíso ndi Santiago, mtunda wa mamailosi ngati 100. Anakhala kumeneko pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri. Omvera alingalire nchito imeneyo. Woyendetsa adzuka mbanda kuca, adyetsa ndi kumanga akavalo, afika pokwerera pa nthawi yace, akweza katundu, alandira ndalama, asamala apaulendo, ndipo tsiku lonse agwira zingwe pa njira ya mapiri. Munthu wosadziletsa sangakhalitse pa nchito yotere. Dotolo wina amene anamdziwa ku Chile anati anampeza wa thanzi, ndi nzeru zace zosaonongeka.

Macmillan aganiza kuti nchitoyo ndiyo inamthandiza kucira: zocita zomwezo, pa nthawi yomweyo, mwa dongosolo lomwelo, tsiku ndi tsiku. Ganizoli ligwirizana ndi zimene akatswiri ophunzitsa obvulala m'mutu acita lero, ndipo ndi mankhwala amene banja losauka lingathe kupereka popanda ndalama. Wodwala adzuke, asambe, adye ndi kugona pa nthawi yodziwika. Zinthu zace zikhale pa malo amodzi. Apatsidwe nchito yace yeniyeni, ngakhale yaing'ono: kudyetsa nkhuku, kuthirira dimba, kusesa pabwalo, ndipo nchitoyo ikule iye akamakula mphamvu. Auzidwe cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, napatsidwe mpata woyankha, osamlanda mau pakamwa. Wodziwa kuwerenga alembe zocita m'kabuku kapena m'foni. Kumcitira zonse cifukwa ca cisoni kumbwezera m'mbuyo. Kumkankhira ku nchito yace yakale msanga kumgwetsa mphwayi. Mowa uleke ndithu. Asakwere njinga, asayendetse galimoto, asakwere padenga dotolo asanalole, pakuti kugunda kwaciwiri kuononga koposa koyamba. Kucira kufulumira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, ndipo pambuyo pace kupita pang'onopang'ono kwa zaka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma n'koyeneranso kunena poyera kuti si onse acira monga Gage. Ena atsala osalankhula bwino, ena osayenda, ndipo zimenezo sizitanthauza kuti abale analephera.

Pali munthu mmodzi amene ozonda matenda samfunsa kawirikawiri mmene wagonera, ndiye wodwazika. Madotolo a ku Glasgow amene anatsata mabanja a obvulala m'mutu m'zaka za m'ma 1980 anapeza kuti cimene cilemetsa abale koposa si kulumala kwa thupi, koma kusintha kwa khalidwe, ndi kuti patapita zaka zisanu katunduyo anali asanapepuke. Mkazi wotere alira munthu amene ali moyo, ndipo pa maliro otere palibe adzagona pakhomo pace. Abale a mwamuna amene afika kamodzi pamwezi napeza zolakwa angacite bwino kutsala masiku awiri kuti mlamu wao agone tulo. Ana nawo auzidwe zoona m'mau ocepa: kuti atate anabvulala m'kati mwa mutu, ndi kuti kukalipa kwao si cifukwa ca ana. Ndipo mwana wamkazi asacotsedwe pasukulu kuti akhale mlezi pamene akulu alipo.

M'caka ca 1859 thanzi la Gage linayamba kufooka, ndipo anakwera combo kupita ku San Francisco, kumene mai wace ndi mlongo wace anali atasamukira. Iwo anamdwazikanso. Mai anauza Harlow pambuyo pace kuti mwana wao ankakonda ana, akavalo ndi agalu, ndi kuti ankasangalatsa ana a m'banjamo ndi nthano za zodabwitsa zimene ankati anazicita, ngakhale zinali zopeka. Atapezako bwino anafuna nchito, nakalima kwa mlimi wina ku Santa Clara. Koma mu February 1860, patapita zaka khumi ndi cimodzi cibvulalire, anayamba kugwa khunyu.

Ici cicitikabe. Cipsera ca pa ubongo cingathe kuutsa khunyu patapita miyezi kapena zaka, makamaka ngati cinthu cinaboola cibade. Khunyu sapatsirana, ngakhale pa malobvu kapena pa mpweya wa wodwala. Amene amthawa athawa cabe. Munthu akagwa, acotsedwe pafupi ndi moto ndi madzi, aikiridwe nsalu kumutu, ndipo kugwedezeka kukatha agonekedwe cammbali. Asaikidwe supuni kapena cala m'kamwa, ndipo asapanikizidwe. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza munthu asanatsitsimuke, athamangire naye kucipatala. Lero kuli mankhwala oletsa khunyu, amene ayenera kumwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ngakhale munthu akhale miyezi yambiri osagwa. Gage sanapeze thandizo lotere. Pa 18 May anacoka ku Santa Clara kubwerera kwa mai wace. M'mamawa wa pa 20 May khunyu linamgwira mwamphamvu. Dotolo wa banja anamcotsa magazi, monga mwa maciritsidwe a masiku aja, koma kugwedezeka kunabwerezabwereza, ndipo anamwalira pa 21 May 1860, ali ndi zaka 36.

Harlow anamva za imfayi m'caka ca 1866, nalembera banjalo kalata. Pempho lace linali lolemera kwa mai ali yense, koma banja linabvomera: manda anafukulidwa, ndipo mlamu wa Gage ananyamula cibade kupita naco kwa dotoloyo, pamodzi ndi citsulo cija, cimene mwini wace ankayenda naco zaka zace zotsiriza. Zonse ziwiri zisungidwa ku sukulu ya udotolo ya Harvard ku Boston. Pa citsuloco pali mau ozokotedwa, okhala ndi caka ca 1850, onena kuti wobvulalayo anacira kotheratu. Wozokotayo analakwitsa tsiku la ngozi, nalemba 14 September m'malo mwa 13.